Tsankho m'nyumba ya Big Brother: mafunso ndi mayankho pa nkhani ya Shilpa Shetty ndi Jade Goody

Mu Januwale 2007, mkangano umene unabuka m'khitchini ya nyumba ina ku Elstree, kunja pang'ono kwa London, unakamveka ku Nyumba ya Malamulo ya Britain ndiponso m'misewu ya ku India. Ambiri mwa ife amene timakonda mapulogalamu otsekera anthu m'nyumba n'kumawajambula usana ndi usiku tinaimvapo nkhaniyi, koma mwapatalipatali. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera kawirikawiri ikatchulidwa.

Kodi chinachitika n'chiyani kwenikweni?

Pa 3 Januwale 2007, wailesi ya kanema ya Channel 4 inayamba kuonetsa gawo lachisanu la Celebrity Big Brother, pulogalamu imene inkakonzedwa ndi kampani ya Endemol. Mwa anthu otchuka amene analowa m'nyumbamo munali Shilpa Shetty, katswiri wa mafilimu a ku India, yemwe kwawo anali wodziwika kwambiri koma azungu ambiri a ku Britain sankamudziwa. Munalinso woimba Jermaine Jackson, Jo O'Meara wa gulu la S Club 7, ndi Danielle Lloyd yemwe anakhalapo Miss Great Britain. Patapita masiku awiri analowa Jade Goody pamodzi ndi mayi ake, Jackiey Budden, ndi chibwenzi chake, Jack Tweed. Jade anatchuka mu 2002 kudzera mu Big Brother yomweyo.

Sipanatenge nthawi kuti Jade, Danielle ndi Jo apange kagulu komuda Shilpa. Ankamunena kumbali, kumuseka kalankhulidwe, kumunyoza pa zophika zake. Zinafika pachimake pa mkangano wokhudza tizidutswa tokometsera msuzi ta Oxo, pamene Jade anamukalipira Shilpa kwa nthawi yaitali anzake awiri aja akuseka. Zonsezi dziko linkaonera.

Ndi mawu ati amene anakwiyitsa anthu chonchi?

Mayi ake a Jade ankalephera, kapena kuti sankafuna, kutchula dzina la Shilpa molondola, ndipo anafika pomamutchula kuti “Mmwenye uja”. Shilpa ataphika nkhuku imene ena anati sinapse, Jo O'Meara ananena kuti n'chifukwa chake anthu a ku India amakhala owonda, amadwaladwala ndi zakudya zosapsa. Danielle Lloyd ananyansidwa kuti Shilpa wagwira chakudya ndi manja, n'kunena kuti munthu sangadziwe kumene manja amenewo achokera. Tsiku lina Danielle yemweyo, ndi mawu otukwana, anati Shilpa angobwerera kwawo, ndipo anawonjeza kuti sadziwa n'kulankhula Chingelezi komwe bwinobwino. Kenako Jade, pomunena kumbali, anamupatsa dzina lakuti “Shilpa Poppadom”. Poppadom ndi chakudya chopyapyala, chokhukhuluzika, chimene chimapezeka m'malo odyera a amwenye. Zili ngati kuno munthu atachotsa dzina la bambo ako n'kuikapo “Samusa”.

Za manja zija zimandikhudza ineyo pandekha. Ife timadya nsima ndi manja, titasamba, ndipo sitionapo chochititsa manyazi. Munthu amene akunyansidwa ndi manja a Shilpa akunyansidwanso ndi manja a agogo athu.

Koma kumeneku si kukangana chabe kwa anthu otopetsana m'nyumba imodzi? Tsankho lili pati?

Funso limeneli ndi limene linagawa anthu nthawi imeneyo, ndipo si lopusa. N'zoona kuti anthu ukawatsekera pamodzi, opanda foni, opanda nyuzipepala, chakudya chochita kupima, amayambana. Ngakhale apachibale amayambana pa maliro a masiku atatu okha. N'zoonanso kuti Shilpa anali ndi khalidwe limene anzake ena ankaliona ngati kudzimva: anakulira m'banja lopeza bwino, anazolowera kukhala ndi antchito, ankalankhula modekha ngati mwana wa mfumu. Munthu angathe kudana naye popanda kuganizira za khungu lake.

Koma taonani zida zimene anatola pomenyana naye. Ukayambana ndi mnzako chifukwa wakulamulira m'khitchini, umamuuza kuti asiye kulamulira. Iwo sanathere pamenepo. Anapita ku dzina lake, ku kalankhulidwe kake, ku chakudya cha kwawo, ku ukhondo wa anthu a mtundu wake wonse, mpaka kumuuza kuti abwerere kumene anachokera. Nkhuku yosapsa inaphikidwa ndi munthu mmodzi, koma mlandu wake unagwera anthu onse a ku India. Pamenepo mkangano wasiya kukhala wa Jade ndi Shilpa.

Anthu a ku Britain amene makolo awo anachokera ku India, Pakistan ndi Bangladesh sanafunike kufotokozeredwa zimenezi. Mawu akuti “bwerera kwanu” anakula nawo kusukulu, m'basi, kuntchito. Kuseka dzina, kununkhiza mphuno pa chakudya chimene mwana watenga kusukulu, anazidziwa kale. Tsankho la tsiku ndi tsiku silifika litanyamula chikwangwani. Limadzera pa nkhuku, pa manja, pa dzina limene munthu akuti n'lovuta kutchula pomwe mayina ena ovuta kwambiri amawatchula bwinobwino. Ndiye pamene ena ankati “sanatchule mawu onyoza mtundu, ndiye si tsankho”, ena ankayankha kuti mwina inu simunaimvepo nyimbo imeneyi, koma ife tikuidziwa kuyambira poyambira pake.

Si paja Shilpa mwini wake ananena kuti si tsankho? Nanga ena ankalirira chiyani?

Ananenadi, koma nkhani yake ili ndi mbali ziwiri. Ali m'nyumbamo, pocheza ndi mnzake wopikisana naye, Cleo Rocos, Shilpa ananena kuti akuona kuti zimene zikumuchitikira n'zokhudza mtundu wake. Pambuyo pake, m'kachipinda kolankhuliramo ndi Big Brother (liwu la okonza pulogalamu), anabweza mawuwo n'kunena kuti sakuganiza kuti Jade ndi watsankho. Atatuluka anapitiriza kunena zomwezo, ndipo anapempha kuti anthu asamuweruze Jade moyo wake wonse pa nkhani imeneyi.

Tikumbukire zinthu ziwiri. Choyamba, zambiri zimene zinanenedwa zinanenedwa iye kulibe. Oonera kunyumba ankadziwa zochuluka kuposa iye. Chachiwiri, munthu amene akugona chipinda chimodzi ndi anthu omuzunza, makamera akumuyang'ana, ali ndi zifukwa zambiri zoziziritsira moto. Kukhululuka kwake kunali kwa iye mwini, ndipo ndimakulemekeza. Koma mawu aja sanapweteke iye yekha. Anapwetekanso mtsikana wachimwenye wa m'mizinda ya ku England ngati Leicester kapena Bradford amene ankaonera ndi makolo ake, ndipo Shilpa sakanakhululuka m'malo mwa mtsikana ameneyo.

Anthu anaonetsa bwanji mkwiyo wawo?

Ku Britain kuli bungwe loyang'anira zoulutsa mawu lotchedwa Ofcom, longa MACRA kwathu kuno. Bungweli linalandira madandaulo oposa 44,500, ndipo kufikira nthawi imeneyo panalibe pulogalamu imene inadandaulidwapo chotero ku bungweli. Kampani yogulitsa mafoni ya Carphone Warehouse, imene inkathandiza pulogalamuyi ndi ndalama, inaimitsa thandizo lake pa 18 Januwale. Sitolo za The Perfume Shop zinachotsa m'mashelefu mafuta onunkhira a dzina la Jade. Ku Patna, m'dziko la India, anthu anaguba n'kuwotcha zidole zoimira okonza pulogalamuyo.

Kenako panabwera mavoti. Jade ndi Shilpa anaikidwa pamodzi kuti oonera asankhe wotuluka, ndipo pa 19 Januwale Jade anatulutsidwa ndi mavoti 82 pa 100 alionse. Usiku umenewo okonza sanalole khamu la anthu pakhomo monga mwa nthawi zonse, poopa chipwirikiti. Jade anatsika masitepe kuli zii. Pa 28 Januwale Shilpa anapambana mpikisano wonse ndi mavoti 63 pa 100, Jermaine Jackson n'kukhala wachiwiri.

Zinatheka bwanji kuti nkhani ya pa kanema ifike kwa akuluakulu a boma?

Mwa zina, inagwa pa nthawi yovuta. Gordon Brown, yemwe anali nduna ya zachuma ndipo ankayembekezeka kutenga udindo wa nduna yaikulu chaka chomwecho, anali pa ulendo ku India kukakambirana za malonda. M'malo momufunsa za chuma, atolankhani ankamufunsa za Jade Goody. Iye anayankha kuti akufuna dziko la Britain lizidziwika ngati dziko lachilungamo ndi lololerana. Ku London, phungu Keith Vaz anaitengera nkhaniyi ku Nyumba ya Malamulo, ndipo nduna yaikulu Tony Blair anayankha kuti sanaonere pulogalamuyo koma tsankho liyenera kutsutsidwa kulikonse kumene lapezeka.

Palinso mbiri yakale pansi pa zonsezi. India inalamulidwa ndi Britain mpaka 1947. Mzungu wa ku England akamauza mkazi wa ku India kuti ndi wauve ndipo sadziwa Chingelezi, anthu a ku Delhi ndi ku Mumbai samva mawu a munthu mmodzi. Amamva mawu a bwana wa kale. Ife amene tinakhalapo pansi pa mbendera yomweyo sitingavutike kumvetsa.

Nanga eni pulogalamu, a Channel 4, ankatani nthawi yonseyi?

Apa ndi pamene mtima wanga umawawa kwambiri, ndipo ndi gawo limene anthu amaiwala msanga.

M'nyumba ya Big Brother mulibe chochitika mwangozi. Okonza ndi amene amasankha olowa, ndipo amasankha anthu amene akudziwa kuti sadzamwerana madzi. Ndi amene amapima chakudya, amapereka mowa, amakonza masewera. M'gawo limeneli, banja la Jade litangolowa, anthu ena a m'nyumbamo anasandutsidwa antchito otumikira banjalo. Masewera otere cholinga chake n'choti anthu apsetsane mtima. Anthu atatu, Donny Tourette, Ken Russell ndi Leo Sayer, anachoka okha mpikisano usanafike pakati. Komanso pa maola 24 a tsiku, oonera ambiri amangoona ola limodzi losankhidwa. Wina amakhala pansi n'kusankha kuti mawu awa alowe, awa atsale.

Madandaulo atayamba kuchuluka, Channel 4 inanena kuti m'nyumbamo simunachitike kunyozana koonekeratu kwa mitundu, koma kusiyana kwa chikhalidwe ndi kwa kakulidwe. Masiku anapita asanawaitane atsikana aja kukawadzudzula mwamphamvu. Pa masiku omwewo chiwerengero cha oonera, chimene chinali chitatsika, chinakwera kwambiri. Sindikunena kuti anakonza dala tsankho. Ndikunena kuti anaona moto ukuyaka, anali ndi madzi m'manja, koma anaonanso kuti anthu akubwera kudzawotha. Akuluakulu anati muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso.

Pambuyo pake zinadziwikanso kuti panali zokambirana zina zimene sizinaonetsedwe n'komwe. Ena mwa a kagulu kaja ankasewera masewera opeka ndakatulo, akuzungulira mawu oipa kwambiri amene azungu a ku Britain amanyozera nawo anthu ochokera ku Pakistan ndi ku India. Zimenezi zinajambulidwa pa nthawi imene wailesiyo inkauza dziko kuti palibe tsankho loonekeratu.

Ofcom inagamula zotani?

Chigamulo chinatuluka mu Meyi 2007. Ofcom inapeza kuti Channel 4 inalakwitsa kwambiri pa kasankhidwe ndi kaonetsedwe ka zinthu, ndipo inaphwanya malamulo a zoulutsa mawu pa zinthu zitatu: mawu okhudza kaphikidwe ka ku India, mawu a Danielle oti Shilpa abwerere kwawo, ndi dzina lija la Poppadom. Chofunika kuchimvetsa n'chakuti bungweli silinanene kuti tsankho lisamaoneke pa kanema. Linati ngati mwasankha kuonetsa mawu otere, muonetsenso kuti mwawatsutsa, osangowaponya kwa anthu ngati zosangalatsa.

Chilango chinali chakuti wailesiyo iulutse chigamulocho katatu pamene gawo lotsatira la Big Brother linkayamba. Chindapusa cha ndalama panalibe.

Kodi alipo amene anamangidwa?

Ayi. Apolisi a ku Hertfordshire, dera limene nyumbayo inali, anafufuza nkhaniyi, koma oimira boma pa milandu anaona kuti palibe woyenera kuzengedwa mlandu.

Kodi Jade Goody sanalangidwe mopyola muyeso?

Zimene anachita zinali zoipa, ndipo iye mwini, ataonetsedwa zithunzi atangotuluka, ananena kuti zamunyansa. Anapepesa kambirimbiri. Palibe chifukwa chomuyeretsera.

Koma tiyeni timuone bwino munthuyu. Jade anakulira ku Bermondsey, dera la anthu osauka ku London. Bambo ake anali okonda mankhwala osokoneza bongo ndipo ankalowalowa kundende. Mayi ake anapuwala mkono pa ngozi ya njinga yamoto, ndipo Jade anayamba kuwasamalira akadali mwana, sukulu n'kumuphonya. Agogo ake aamuna a kuchimuna anali munthu wakuda wochokera ku zilumba za Caribbean. Ena amatenga mfundo imeneyi ngati umboni woti sakanakhala watsankho, koma ine sindikuona choncho: magazi a munthu samuletsa kunyoza mtundu wina. Mu 2002 nyuzipepala za ku Britain zinamutcha nkhumba, zinamuseka kuti ndi mbuli yosadziwa ngakhale madera a dziko lake lomwe. Kenako zitaona kuti dzina lake likugulitsa, zinamukweza. Mu 2007 nyuzipepala zomwezo ndi zimene zinatsogolera kumugenda, ndipo zina mwa izo zinkalemba tsiku ndi tsiku nkhani zoopseza anthu za alendo obwera m'dzikomo.

Mkwiyo wa anthu unali woyenera, koma unakathera pa munthu wosavuta kumugenda. Kunali kokoma kwa anthu ophunzira ndi opeza bwino kuloza mtsikana wosaphunzira wolankhula mokalipa n'kunena kuti tsankho ndi uyu, ife ayi. Kumuvotera kuti atuluke kunakhala ngati kusamba m'manja kwa dziko lonse. Jade anataya malonda ake, analandira mauthenga omuopseza, anakafuna thandizo la madokotala a maganizo. Jo O'Meara nayenso ananena poyera kuti zimene zinatsatira zinamudwalitsa maganizo kwambiri. Akuluakulu amene anasankha anthuwa, kuwatsekera, kuwajambula ndi kugulitsa zithunzizo anawerenga chipepeso katatu n'kupitiriza ntchito.

Chilipo chimene chinasintha pambuyo pake?

Ku Britain kusintha kunaoneka msanga. Mu Juni 2007, m'gawo lachisanu ndi chitatu la Big Brother, Emily Parr anatchula mawu onyoza anthu akuda polankhula ndi Charley Uchea, ndipo anatulutsidwa m'nyumba usiku womwewo. Mu 2008 Channel 4 sinaonetse Celebrity Big Brother.

Koma matendawa sanathere pamenepo, ndipo si a Britain yokha. Ku America, mu Big Brother ya 2013 pa wailesi ya CBS, Aaryn Gries ndi ena ananena mawu onyoza anzawo akuda ndi a ku Asia. Kumeneko amene anaulula anali oonera pa intaneti, amene amatha kuona nyumbayo nthawi ina iliyonse. Iwo anadula tizigawo n'kutifalitsa, mpaka wailesiyo inakakamizika kuonetsa zina mwa izo ndi kuika chenjezo pulogalamu isanayambe. Ena mwa onyozawo anatuluka m'nyumba n'kupeza ntchito zawo zitatha kale. Ku America pulogalamu imeneyi inayamba mu 2000, koma munthu wakuda woyamba kupambana, Xavier Prather, anapambana mu 2021, ndipo zinatheka chifukwa anthu akuda asanu ndi mmodzi anagwirizana mwachinsinsi kuti asatulutsane.

Chaka chomwecho pulogalamu ina ya ku America, The Bachelor, imene atsikana amapikisana kuti mwamuna mmodzi asankhe womukonda, inagwedezeka. Matt James anali mwamuna wakuda woyamba kukhala mwini nkhani, ndipo panatuluka zithunzi za mmodzi mwa atsikana opikisana, Rachael Kirkconnell, ali pa phwando lokumbukira moyo wa kum'mwera kwa America m'nthawi ya ukapolo. Woyendetsa pulogalamuyo, Chris Harrison, anamuikira kumbuyo pocheza pa kanema ndi Rachel Lindsay, mkazi wakuda amene anakhalapo mwini nkhani m'pulogalamu yofanana nayo. Anthu anakwiya, ndipo mu Juni 2021 Harrison anasiya pulogalamu imene anaiyendetsa kuyambira 2002. Apa mkwiyo unafikako kwa munthu wa m'kati mwa kampani, osati kwa wopikisana yekha.

Kwathu kuno tinayamba takwiyapo ndi mapulogalamu otere?

Inde, koma pa chifukwa china. Mu Ogasiti 2003, gawo loyamba la Big Brother Africa lili m'kati, aphungu a Nyumba ya Malamulo ya Malawi anagwirizana kuti TVM isiye kuonetsa pulogalamuyo ponena kuti ikuwononga chikhalidwe. Khoti lalikulu linachotsa chiletsocho. M'nyumbamo munali Mmalawi, Zein Dudha, ndipo wopambana anali Cherise Makubale wa ku Zambia.

Nkhani yathu inali ya maliseche ndi kugonana, osati ya mitundu. Komabe ndikamaganiza za mayi ake a Jade akuti “Mmwenye uja” pomwe dzina la munthuyo analiuzidwa kangapo, ndimakumbukira kuti nafenso timatero. Munthu tagula m'sitolo mwake zaka khumi ku Limbe, koma dzina lake sitinalifunsepo. Mawuwo paokha si chitukwano. Chimene chinawaipitsa m'nyumba ija n'chakuti analowa m'malo mwa dzina la munthu amene anali pomwepo, akumva.

Nanga awiriwa zinawathera bwanji?

Ofesi ya boma la India yokopa alendo inaika uthenga m'nyuzipepala za ku Britain woitana Jade kuti akaone yekha dzikolo. Anapitadi patangotha milungu yochepa, anakayendera malo osamalira ana ovutika, n'kupepesanso kumeneko. Shilpa anabwerera kwawo ali wotchuka kuposa kale, atakumana ndi Tony Blair ku Nyumba ya Malamulo.

Mu Ogasiti 2008 Jade analowa mu Bigg Boss, Big Brother ya ku India, ndipo woyendetsa pulogalamuyo chaka chimenecho anali Shilpa Shetty. Ndi iye amene anamulandira pakhomo. Patangopita masiku awiri, Jade anaitanidwa ku kachipinda kolankhuliramo, kumene anauzidwa pa foni kuti zotsatira za kuchipatala zasonyeza khansa ya khomo la chiberekero. Makamera ankajambula. Anabwerera ku England mwamsanga. Matenda ake atadziwika, amayi ambiri ku Britain, makamaka achitsikana, anathamangira kukayezetsa, moti azaumoyo anaona chiwerengero chikukwera. Jade anakwatirana ndi Jack Tweed mu Febuluwale 2009, ndipo anamwalira pa 22 Marichi 2009 ali ndi zaka 27, n'kusiya ana aamuna awiri.